Jekete la a Gwanda

Ku Mchesi kunalibe amene anaonerapo filimu yathunthu a Gwanda ali pomwepo. Mkuluyu anali telala wa pamsika, ndipo Loweruka lililonse masana ankafika ku vidiyo sho ya Malizani atapanira tepi kukhwapa, mafilimu akale aja a azungu okwera akavalo. Malizani anakwatira mwana wawo, ndiye akanakana bwanji?

Vuto silinali tepiyo ayi. Mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana milomo, a Gwanda ankadzambatuka n'kutambasula jekete kutsogolo kwa kanema.

"Nthawi yathu apa ankadula!"

"Akulu, tapatukani tione!"

"Muone chiyani? Akukambirana za chinkhoswe."

Ife n'kumangomva nyimbo kuseri kwa jekete.

Mu 2006 Malizani anawapezera DVD ya filimu imene a Gwanda anaionera komaliza ali mnyamata. Tsiku lomwelo mchemwali wanga Peggy analowa atavala thalauzi. A Gwanda anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Khala apa mwanawe, uone akazi akale. Ulemu wokhawokha."

Asanatseke pakamwa, mayi wa mufilimumo anatulukira ali pakavalo, thalauzi lothina, ndudu pakamwa, n'kumuwaza khofi mwamuna wina. Anthu anagwa pamabenchi ndi kuseka.

"Malizani, wasintha filimu!"

"Ndi yomwe ija, bambo. Kungoti iyi sanadule."

"Bodza! Mayiyu ndikumudziwa, ankavala diresi. Demokalase yamulowa!"

Titatuluka ndinawaperekeza chaku Biwi. Ndinkaganiza kuti akwiya, koma ankayenda mopepuka, akuimba mluzu.

"Filimu imeneyi ndinaonera ndi mkulu wanga Esau," anatero. "Bwana wina wa mufilimumo atagwa pakavalo, Esau anaseka mokweza. Wina kumbuyo anati akuseka boma. Anamugwira. Miyezi isanu ndi itatu sitinkadziwa kumene ali. Atabwera, sanasekenso pagulu."

Anaima n'kupukuta magalasi.

"Lero mwandiseka nonse, ndipo palibe amene anacheuka kuona kuti akumva ndani. Mtima wanga wakhala pansi, mphwanga."

"Ndiye za jekete musiya?"

"Iwe, ufulu si chipwirikiti."

A Gwanda anamwalira mu 2008, mvula itangoyamba. Ndisakunamizeni, Loweruka lotsatira maliro mu sho munadzaza mpaka ena kuimirira pakhomo. Malizani anaika imodzi mwa matepi awo. Malo a jekete aja atafika, tonse tinatalikitsa makosi. Milomo inangokhudzana kamodzi, kenako akavalo.

"Basi?" anafunsa Peggy. "Zaka zonsezi tinkalimbirana zimenezi?"

Masiku ano Malizani amaonetsa za ku Nigeria, zimayamba n'kutha popanda wosokoneza, ndipo kunena zoona tinapuma. Kungoti filimu ikatha aliyense amangonyamuka n'kulowera kwawo. Pakhomo paja palibenso wokangana naye.