Mkamwini Wanga wa Pakati pa Nyanja

Anzanga, ine chidwi chidzandipha. Ndili ndi mwana wamkazi, Tamanda, anabadwira konkuno ku Barking, dziko la azungu, Chichewa amamva koma poyankha ndi Chingerezi chotulukira m'mphuno. Pano ali ku yunivesite, akuti akuphunzira za nyanja ndi mphepo, ndipo zaka zonsezi sanabwerepo ndi mnyamata pakhomo, ngakhale wongosochera njira.

Ndiye tsiku lina ndangofika kuchokera ku shifiti, ndikuvula nsapato, ndinamumva pafoni akudandaulira mnzake kuti boyi wake wasiya kutumiza mameseji. Boyi! Ndinaima chilili, nsapato imodzi ili m'manja. Atadula foni ndinayamba kumufunsa mozemba.

"Boyi ameneyu dzina lake ndani?"

Anaseka. "Timamutchula Gerald."

"Amakhala kuti?"

"Pakati pa nyanja ya Atlantic, Mami. Akakhala bwinobwino amanditumizira meseji ola lililonse."

"Amati chiyani?"

"Za mphepo, mafunde, kutentha kwa madzi."

Chamumtima ndinati azunguwa kufunsira kwawo n'kukamba za nyengo basi? Komabe ola lililonse, anthuni! Bambo ake Tamanda ngakhale nthawi imene ankandifuna sanafikepo pamenepo.

Patapita milungu, mwana uja anabwera nkhope ili ngwee. "Mami, Gerald amubweretsa kumtunda. Loweruka makolo akuloledwa kudzaona zomwe timachita, mubwere mudzamuone. Ndi wamkulu, wachikasu, simungamuphonye."

Kodi inu mukanatani? Ine ndinaimbira achimwene anga a ku Lewisham, poti nkhani ngati iyi siyamba popanda malume. Iwo anavala suti ya kutchalitchi, ine chilundu chatsopano ndi duku, mandasi odzaza chidebe, ulendo pa sitima ya District.

Titafika ku yunivesiteko, Tamanda osaoneka, koma pabwalo panaima bambo wamtali, wandevu, atavala jekete lachikasu ngati la asodzi. Ndinawagwedeza achimwene ndi chigongono. Ndinapita, kunyonyomala pang'ono, moni wa manja awiri, ndi kumupatsa chidebe chija. Achimwene anayamba pomwepo kumufunsa kwawo, makolo ake ngati ali moyo, ndi mpingo umene amapemphera. Munthuyo ankangoyankha mwaulemu, maso akuphethira.

Ine mtima sunapirire. Ndinati, m'Chingerezi changa cha ku keya homu komwe ndimasamalira okalamba, "Koma Gerald, kukhala chete kuja bwanji? Mwana wanga mpaka anasiya kudya!"

"Oo, Gerald!" anatero bamboyo, nkhope itamasuka. "Mbalame zinamunyerera pa sola mpaka batire inatha. Komanso kumunsi konse anamera tinkhono, tachita kumupala."

Achimwene anavula magalasi.

Nthawi yomweyo Tamanda anatulukira. Ataona suti ya amalume ake, chilundu changa, ndi aphunzitsi ake aakulu atafungatira chidebe cha mandasi, anangogwira pakamwa. Inde anzanga, amene ndinamunyonyomalirayo anali pulofesa, mphete ya ukwati ili mbee pachala, ine osaiona.

Anatigwira manja n'kutitengera kuseri kwa nyumba. Gerald anali pamenepo, atamukhazika pa matabwa: chimgolo chachitsulo chachikasu, chachitali kuposa chitseko, chili ndi timapaipi pamutu, chikununkha ngati pamsika wa nsomba. Kani chinthu choyandama panyanjachi azungu amachitchula kuti boyi, chimodzimodzi ndi mnyamata, kusiyana kwake ndi kalembedwe basi. Nanga kalembedwe kamamveka ndi khutu?

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi, koma chidwi chija sichinandisiye. Ndinaloza timakapu tozungulira pamwamba pake, ndi kufunsa ntchito yake. Tamanda, akupukuta misozi ya kuseka, anayamba kufotokoza, ndipo mwina pondimvera chisoni anayesa m'Chichewa chake chopunduka. Akuti timakaputo timayeza liwiro la mphepo, zina zimayeza chinyezi, zam'munsi zimayeza kutentha kwa madzi. Nyanja ikatentha imapereka chifundizi ndi nthunzi ku mpweya, mpweya nawo umakankha madzi n'kuutsa mafunde, ndipo m'kupatsana kumeneko ndi momwe mumabadwira mvula ndi anamondwe, ngakhale aja amagwetsa nyumba kumudzi. Ndinamuyang'ana mwana wanga, manja akuuluka m'mwamba pofotokoza. Zaka zonsezi ndinkangomufunsa za amuna, izi ndinali ndisanamufunsepo.

Achimwene anachizungulira chimgolocho mwakachetechete, manja kumbuyo, kenako anachigogoda ndi chala.

"Achemwali, ameneyu tisamukane," anatero. "Samwa, alibe mwano, ndipo akuti akapita kuntchito amamumangirira ndi tcheni pamalo amodzi."

Pulofesa atamasuliridwa anaseka mpaka kutsamwa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira. Mwana wanga akadzatchulanso boyi, ndisanavutitse malume aliyense, ndidzayamba ndafunsa ngati boyiyo ali ndi miyendo.