Pulaima ya Adada

Siketi yanga ya yunifolomu ili ndi banga loyera kumbuyo. Ondifunsa ndimawauza kuti ndi choko. Si choko.

Tsiku lina aphunzitsi a bayoloje analengeza kuti m'mawa mwake kubwera mayi wofufuza matenda a chinangwa, kudzatiphunzitsa za pulaima. Woyankha bwino ndiye adzagwira kompyuta ya mlendoyo. Chiyambire sindinakwezepo dzanja m'kalasi (ngakhale lopempha kupita panja, ndimangopirira), koma pulaima ndimaidziwa, poti adada amapenta nyumba pa Boma pano. Ndi utoto woyera umene amayamba kupaka.

Kufunsa ndinachita manyazi. Kutacha ndinatapa ya adada m'kachitini ka majarini, n'kuika m'chikwama. Wakabaza sanazembe bampu ngakhale limodzi.

"Ndani akudziwa pulaima?" anafunsa mlendo.

Dzanja linakwera lokha. "Ndi imene imayamba, madamu, kuti zinazo zigwire."

"Eya, wakhoza! Unaiona kuti?"

Apa ndikanangokhala chete. Koma kuyamikidwa kumaledzeretsa. "Ndabwera nayo, madamu."

"Wabwera nayo?"

Ndinaimirira, n'kupisa m'chikwama chimene ndinachitsamira pampando. Chivindikiro chinali chitachoka kalekale. Tamara, mnzanga wokhala kumbuyo, ananong'ona mokweza m'Chitumbuka: "Iwe, ndapota, khala pasi! Kumanyuma kwatuŵa chomene!"

Kalasi inaphulika ndi kuseka poona kumbuyo kwa siketi yanga kuli mbuu. Mlendo atapukuta misozi anafotokoza kuti pulaima yake ndi kachingwe kakafupi ka zilembo A, T, G ndi C. Kompyuta imasanthula DNA ya kachilombo, n'kusankha kachidutswa kogwira pamalo amodzi okha, kuti makina achulukitse gawo limenelo mpaka lioneke. "Yabwino simata paliponse," anatero akuyang'ana makope anga.

Kutsogolo anandiitana ndithu, koma ataona zala zanga anaikokera kompyuta pachifuwa ngati khanda. Ine ndinkawerenga zilembo manja ali kumbuyo, Tamara n'kumadina mabatani. Kompyuta imene ndinaivutikira sindinaikhudze.

Kunyumba adada ananunkhiza m'mwamba, n'kundizungulira. "Mbwenu sukulu mwamaliza kupenta, mama? Akulipirani?"

Ndinalumbira kuti kuyambira tsiku limenelo ndizifunsa kaye. Dzulo aphunzitsi a bayoloje aja anati Lolemba tiyamba za majini. Dzanja linakananso kukwera kuti ndifunse, koma Baibulo ndaika kale m'chikwama.