Tsiku Limene Ndinachiza Apongozi Osadwala

Nkhani iyi ndikaikumbukira ndili m'bafa ndimakuwa ndekha, moti tsiku lina alandilodi anagogoda kufunsa ngati mwalowa njoka. Ndiye lero ndingoitaya poyera, museke mukhute, mwina manyaziwa achepako tikagawana.

Ine ndine Limbani, mwana wa ku Mitundu. Sukulu ndinapita nayo patali ndithu, mpaka dzina langa linamera "Dr." kutsogolo. Koma musabwere ndi malungo, jakisoni sindibaya. Ndinaphunzira za maganizo a munthu, ndipo kafukufuku wanga ndi wa matenda otchedwa OCD. Amenewa ndi matenda enieni, osaseketsa ayi. Munthu amagwidwa ndi nkhawa yosachoka, n'kumabwereza chinthu chimodzimodzi kuti mtima ukhale pansi. Wina amasamba m'manja mpaka khungu kung'aluka. Wina amakiya chitseko, kufika pamsewu, kubwerera kukaona ngati wakiyadi, kufikanso pamsewu, kubwereranso, mpaka minibasi kumusiya.

Tsono kuntchito kwathu munthu sayezedwa ndi mimba kapena galimoto. Timayezedwa ndi ma citation. Ukalemba pepala la kafukufuku n'kulisindikiza, umadikira kuti akatswiri ena alitchule m'mapepala awo: "monga ananenera Limbani." Akakutchula ambiri ndiwe dolo, promotion ili m'njira. Akapanda kukutchula, uli ngati wogulitsa tomato pamsika woti anthu anaweruka kale.

Ine pepala langa ndinalilemba ndi thukuta. Koma amene analitchula mukhoza kuwawerenga ndi dzanja limodzi, zala zina n'kutsala. Ndipo mmodzi mwa iwo ndine ndemwe!

Mnzanga wa mu ofesi anandiuza tsiku lina kuti, "Aise, vuto lako ukubwereza zomwe azungu analemba kale. Peza case ya kumudzi, OCD ya pa ground. Dziko lonse likutchula."

Mawu amenewo analowa m'mutu mwanga n'kumangamo nyumba ya malata.

Nthawi imeneyo ndinali ndi chibwenzi, Takondwa, mphunzitsi wa pulayimale, kwawo ku Nathenje. Mkazi woti ukamamufotokozera za kafukufuku amamvetsera mpaka kumapeto osayasamula. Akazi otero sapezeka pawiri. Tinagwirizana za banja, ndipo linafika Loweruka loti ankhoswe a mbali ziwiri akakumane kwawo.

Tikunyamuka ku Mitundu, malume anga a Kadzamira anandipatsa lamulo limodzi.

"Mphwanga, lero iwe ulibe pakamwa. Digiri yakoyo uisiye m'galimoto muno. Akakupatsa mpando khala, akakupatsa thobwa imwa. Zolankhula ndi zathu."

"Ndamva, amalume."

Ndinamvadi. Kusunga ndiye kunandivuta.

Titafika anatilandira bwino kwambiri, bwalo losesedwa mpaka kuwala, amayi a kumpingo ali pikitipikiti kukhitchini. Anatipepesa kuti mwini mbumba, malume aakulu a Takondwa omwe aliyense amangowatcha a Folomani, achokapo, apita kukaona matenda cha ku Dzalanyama. Nkhani aiyendetsa ang'ono awo. Akuluakulu anakhala pakhonde, ine anandiikira mpando pandekha pansi pa mtengo wa mapeyala, pafupi ndi chigafa cha fodya. Pambali pa chigafacho panali kanyumba ka njerwa kosungiramo makasu ndi feteleza, kali ndi loko wamkulu pachitseko.

Munthu wopanda chochita amatani? Ndinatulutsa foni kuti ndione ngati wina wanditchula usikuwo. Netiweki kadontho kamodzi. Refresh. Palibe. Refresh. Palibe.

Ndipamene ndinawaona mayi ake a Takondwa, a Nachisale.

Anatuluka kukhitchini chozemba, kufika pakanyumba kaja, kugwira loko, kumukoka, kuika khutu pachitseko. Kenako anapita pandowa, kusamba m'manja ndi sopo, kubwerera kukhitchini. Sipanapite nthawi, awo atulukanso. Loko, kukoka, khutu, ndowa, sopo. Ndisanamalize n'komwe kudabwa, abweranso!

Abale anga! Kuyang'ana loko ndi kusamba m'manja, zonse mwa munthu mmodzi, kumudzi, pamaso panga! Mutu wa pepala ndinauona kale. Ndinaona dzina langa likutchulidwa ku Canada, ku Japan, kulikonse.

Takondwa anabwera ndi thobwa, n'kugwada monga mwa mwambo ngakhale maso ake ankandiseka.

"Tako," ndinanong'ona, "amayi anayamba liti zimenezi?"

"Ziti?"

"Za loko."

Nkhope yake inasintha. "Limbani, imwa thobwa."

"Zimachitika kawirikawiri?"

"Pakakhala alendo. Chonde, khala ngati sukuona."

Pakakhala alendo! Ndiye kuti trigger, choyambitsa chake, ndaipeza. Ndipo banja likubisa, ndiye kuti stigma, mantha oti anthu awasala, nayonso ilipo. Pepalali linkadzilemba lokha. Ndinadziuza kuti ndikuthandiza apongozi anga, koma kunena zoona, amene ndinkamuthandiza anali ine.

A Nachisale atatulukanso, ndinadzuka n'kukaima pakati pa iwo ndi chitseko.

Inu mukudziwa kuti kwathu kuno mkamwini satsekereza apongozi njira. Inenso ndikudziwa, ndinakulira ku Mitundu osati ku London. Koma tsiku limenelo mwambo unakwiririka ndi ma citation. Mayiwo atandiona anabwerera m'mbuyo, kugwada chapatali, nkhope kulozetsa kuchigafa. Ine mumtima: avoidance, wodwala akuzemba chomwe amaopa!

"Amayi, musaope," ndinatero ndi mawu anga a ku ofesi. "Ine ndine dokotala wa maganizo. Ndakhala ndikukuonani."

"Eee, bambo."

"Mumaopa kuti loko ameneyu akatseguka pachitika choopsa, eti?"

"Kwambiri, bambo."

"Ngakhale mukuphika, maganizo amakhala pa chitseko chomwechi?"

"Ndi tulo tomwe sindinationeko, bambo."

Mwamva? Yankho lililonse linkalowa m'buku ngati kiyi m'loko. Ndinatsala pang'ono kuvina.

"Amayi, zimenezi ndi matenda a m'mutu. Si ufiti, si tchimo. Ndipo amachizika."

Apa ndifotokoze pang'ono. Pochiza OCD timamuthandiza munthu kuyang'anizana ndi chimene amaopa, osathawira ku chizolowezi chake chija, mpaka mtima udzionere wokha kuti palibe choopsa. Zimatenga masabata, pang'onopang'ono, m'chipinda cha awiri, wodwalayo atavomera yekha. Ine ndimaphunzitsa ana a sukulu zimenezi. Koma ndinaganiza zochita zonsezo pakanthawi kamodzi, pabwalo la eni, nkhuku zikuonerera.

"Ndipatseni kiyi, amayi."

"Bambo, mwina mukanayamba mwadya kaye."

"Kuzengereza ndi mbali ya matendawa. Kiyi."

Anatembenukira kukhitchini n'kuitana motsitsa, "Takondwa! Iwe Takondwa!" Koma mtondo unali kulira, palibe anamva. Nanga mayi wa ulemu wake akanamukaniza bwanji mkamwini, tsiku la ankhoswe, alendo ali pakhonde? Anamasula kiyi pamfundo ya chitenje n'kumuika pansi poti sakanandipatsa m'manja.

Ndinatola kiyi uja, n'kukweza mawu kuti ndi pakhonde pomwe amve kuti mwana wawo akukwatiwa ndi munthu wotani.

"Penyani, amayi. Titsegula, ndipo palibe chichitike!"

Kwacha! Loko anatseguka.

Choyamba kutuluka linali fungo la kachasu. Chachiwiri anali bambo wamtali, jekete popanda malaya, nsapato phazi limodzi, ulusi wa thumba la feteleza uli m'tsitsi.

"Ufuluuu!" anakuwa, n'kundikumbatira mpaka magalasi anga kugwa. "Mpulumutsi wanga! A Dokotala! Mulungu akudalitseni ndi ana amapasa!"

Onse pakhonde anatembenuka. Kenako malume anga, munthu waulemu wake, anafunsa mofatsa, "Kodi amenewa ndi ndani?"

"Ndine Folomani, mwini mbumba ino!"

"Oho. Mwabwerako liti ku Dzalanyama?"

"Dzalanyama wa chiyani? Anditsekera muno tambala asanalire, ati ndichititsa manyazi pamaso pa alendo. Ine! Munthu woti ndinalamulirapo esiteti yonse ya fodya!"

Zikanathera pomwepo, bwenzi pano tikuseka limodzi ndi Takondwa. Koma a Folomani anali atamva zonse kudzera pachitseko, mawu ndi mawu. Anayenda chodzandira mpaka pakati pa bwalo, kukweza chala m'mwamba.

"Tamverani nonse! Monga anenera a Dokotala Limbani a ku Mitundu, mlongo wangayu mutu wake sukuyenda bwino!"

"Sindinatero!" ndinakuwa.

"Mwatero, bwana, musachite manyazi ndi nzeru zanu. Matenda a m'mutu, ndamva ndi makutu angawa. Ine ndakhala ndikunena zimenezi zaka zonsezi, anthu n'kumati Folomani waledzera. Lero sayansi yavomereza!"

Taonani, citation yanga yoyamba ya pa ground. Dzina lonse, udindo, ndi komwe ndichokera, sanaphonye kanthu.

Amayi a kumpingo anatuluka kukhitchini mithiko ili m'manja. Oyandikana nawo nyumba anayamba kusuzumira pampanda. A Folomani ataona kuti msonkhano wakula, anatembenukira kwa malume anga.

"Ndiye inu achimwene, mukufunabe mwana wa m'nyumba imeneyi? Ndikuchenjezeni monga mwini mbumba, zinthu zimenezi zimayenda m'magazi. Funsani a Dokotala!"

Wina anaseka kuseri kwa mpanda. A Nachisale anadzuka pomwe anagwada paja, kuphimba nkhope ndi chitenje, kulowa kukhitchini akulira. Apa ine kuseka kumandithera ngakhale lero. Mayi amene anadzuka m'bandakucha kundiphera nkhuku, amene anatsekera mchimwene wawo kuti tsiku la mwana wawo liyende bwino, ndinawavula pamaso pa mudzi wonse.

Malume anga anadzuka, kuvala chipewa. "Tithokoze potilandira. Tibweranso tsiku lina."

Aliyense pabwalopo ankadziwa kuti tsiku lina limenelo silili pa kalendala.

Takondwa anandipeza kuseri kwa chigafa ndikupukuta magalasi. Sanakuwe. Bola akanakuwa. Ndipo "iwe" uja anali atatha, tsopano ndinali "inu".

"A Dokotala, loko uja bambo anamupaka oilo wakuda wa ngolo kuti asachite dzimbiri. Mumafuna amayi akuphikireni ndi manja a oilo?"

"Tako, ine ndimafuna kuthandiza."

"Munawafunsa kuti m'nyumbamo muli chiyani?"

Sindinafunse. Mafunso onse a m'buku ndinafunsa, kupatula limene mwana wa Sitandade 1 akanayamba nalo.

"Ndinakupemphani kuti mukhale ngati simukuona," anapitiriza. "Ndipo chiyambire m'mawa, amene wakhala akubwereza chinthu chimodzimodzi pabwalo pano ndi amayi okha? Foni yanuyo mwaitsegula kangati?"

Ndinafuna kukana. Koma dzanja langa linali m'thumba, chala chili kale pafoni.

Tinayesa kukonza. Malume anga anabwererako ndi tambala ndi mawu opepesa, ndipo a Nachisale, mtima wawo wabwinowo, anati mwana sanadziwe. Koma mawu akatuluka sabwezedwa. Kuchigayo anthu ankawapatsa mayiwo malo kutsogolo. Kutchalitchi ankawagwira dzanja n'kufunsa motsitsa, "Mukupezako bwanji masiku ano?" Anasiya kupita kumsika kwa nthawi ndithu. Takondwa anati sangamange banja ndi munthu amene akayang'ana mayi ake amaona pepala. Mphete imene ndinamupatsa inabwerera ku Mitundu m'thumba la malaya a malume ake aang'ono.

Chaka chatha Takondwa anakwatiwa ndi mlangizi wa zaulimi. Ndimamva kuti ndi munthu wofatsa, akapatsidwa thobwa amangomwa. Zimandiwawa, sindinama. Palibe promotion imene ingandibwezere mkazi uja.

Mwezi wathawu ndinakwera minibasi ya ku Dedza, galimoto yanga ili kugalaja. Titaima pa Nathenje, mayi wina ankatsika ndipo katundu wake anali kubuti, komwe anapanikizako matumba a kabichi ndi ndowa za tomato. Dalaivala anachenjeza kondakitala kuti atsegule bwinobwino, zingagwe.

Kondakitala anagwira chitseko, kukweza chala m'mwamba, n'kufuula, "Titsegula, ndipo palibe chichitike! Anatero Dokotala Limbani wa ku Mitundu!"

Minibasi yonse inafa nacho chiseko. Ogulitsa chimanga chootcha pawindo anamalizitsa okha, "Sayansi yavomereza!" Tomato anali mbwee pamsewu.

Bambo amene ndinakhala naye pampando anandigunda ndi chigongono, misozi ya chiseko ili m'maso. "Achimwene, mukumudziwa dokotala ameneyu?"

"Ayi," ndinatero, ndikutsitsa chipewa. "Ndimangomumva."

"Ndi wotchuka kwambiri kuno. Ngakhale abusa anamutchulapo pa ulaliki."

Pa intaneti ma citation anga akadali omwe aja, dzanja limodzi zala n'kutsala. Koma pa Nathenje palibe katswiri wotchulidwa kuposa ine, tsiku lililonse, dzina ndi mudzi womwe.

Ukaona apongozi akulondera loko, iwe londera pakamwa pako.