Malaya a mlombwa pa chinkhoswe cha Esinati

Chinali chaka cha 2022, ndili ndi zaka 73. Munthu wa msinkhu umenewo sayenera kugonekedwa pamkeka anthu akuona, koma ine anandigoneka.

Esinati, mwana womaliza wa mlongo wanga, anapeza mwamuna wa ku Migowi. Nkhoswe yakuchikazi ndinali ine. Vuto linali malaya. Oyera anga a kutchalitchi anali atachita chikasu m'khosi, ndipo za kaunjika ndinakana. Bambo anga, amene anachokera ku Mozambiki, ankanyika nsalu mu utoto wa makungwa a mitengo ine ndikuonerera. (Kuonerera kokha. Izi ndavomera lero.)

Ndinasenda makungwa a mlombwa, n'kuwasinja, n'kuwawiritsa mu poto wamkulu wa mayi a kunyumba. Madzi anafiira psuu. Ndinaponyamo malaya.

"Abambo, mchere mwathiramo?" anafunsa mayi.

"Ndikuphika ndiwo?"

"Amayi anga ankathira mchere, kenako n'kukakwirira nsalu m'matope akuda a kudambo. Apo ayi, utoto sugwira."

"Malaya a nkhoswe m'matope? Mayi, onani za thobwa."

Anangoti, "Chabwino." (Chabwino wa mkazi amene wakhala nawe zaka zambiri ndi woopsa.)

Kutsukuluza sindinatsukuluze, poopa kuti mtundu uchepa. Ndinayanika, ndinasita. Malaya anakongola. Zimenezo palibe angatsutse.

Loweruka ndinayenda wapansi ola lathunthu kupita kwa mlongo wanga, dzuwa la Okutobala lili pamutu, jekete nditamanga mabatani onse. Nthawi yopatsana nkhuku itakwana, akuchimuna anapereka tambala wawo. Ine ndinavula jekete, n'kufungatira pachifuwa thadzi lathu loyera mbee, n'kuyamba malangizo. Ndinayankhula nthawi yaitali. Nkhoswe sithamanga. Thukuta ndinkalimva, koma sindinayang'ane pansi.

Nditatambasula manja kuti ndipereke, thadzi linali lofiira mbali yonse. Manja anga ofiira. M'khosi mukuchucha.

"Mayo! Amalume avulala!" anakuwa Esinati.

Mayi ake a mwamuna anadzuka n'kumanga chitenje. "Nkhuku ya magazi ife sitilandira. Ukwati uyambe ndi magazi? Tiyeni tizipita!"

Amuna anayi anandigwira, n'kundigoneka pamkeka, n'kumasula malaya kufunafuna bala. Wina anathamangira kabaza woti anditengere kuchipatala ku Boma.

"Ndisiyeni! Ndi mlombwa!"

"Akubwebweta," anatero wina. "Gwirani miyendo."

Mayi a kunyumba anafika osathamanga n'komwe. Anapaka chala m'khosi mwanga, n'kuchionetsa kwa alendo.

"Khalani pansi, asewere. Bala palibe. Anyika okha malayawa, ndipo malaya awanyika iwo. Asambe chabe."

Akuchimuna anaseka mpaka misozi, koma thadzi lija analikanabe. Mng'ono wanga Dayitoni anathamangitsa lina, n'kulipereka, n'kumaliza mwambo wonse. Ine ndinamvera zonse ndili kuseri kwa nkhokwe, nditafunda chitenje cha mlongo wanga. Esinati anakwatiwa. Kundiyankhula anayamba pa Khirisimasi.

Mlombwa ndilibe nawo mlandu. Dzuwa ndi limene linanyanya.

Zotayika: malaya amodzi. Jekete imodzi, mkati monse. Poto mmodzi, chifukwa chilichonse chophikamo chimawawa. Thadzi limodzi, limene tinadya tokha patapita masiku, palibe woligula. Ndi unkhoswe. Lero Esinati akakangana ndi mwamuna wake, amadutsa pakhomo panga, n'kundipatsa moni mwaulemu, n'kupita kwa Dayitoni.