Nkhondo ya Uchi ndi Soseji

Tcherani khutu, inu mibadwo ya mtsogolo, mumve za masiku aja aphungu a ku Missouri, ku America, ankatuluka thukuta pokangana ngati chakudya chizimatidwa chizindikiro chonena kuti muli katemera wa mRNA, masiku amene munthu wamkulu ndi ndevu zake ankaopa ngakhale kabichi.

M'nyengo imeneyo, pa msika wa alimi wa Loweruka, pankalamulira Merle Stubblefield, Mfumu ya Njuchi, Iye Wolumidwa Osalira, amene uchi wake unkatha dzuwa lisanafike pamutu. Pambali pake pankagulitsa soseji mlamu wake Wanda, Mkango wa M'khola la Nkhumba, mayi amene chibadwire sanagonjepo pa mkangano.

Tsiku lina Wanda anakhoma chikwangwani: MULIBE KATEMERA. Anthu anakhamukira kwa iye, ndipo mayi wina anaima pa tebulo la Merle n'kunyamula botolo la uchi ndi zala ziwiri ngati thewera.

"Nanga inu bwanji simunalembe? Mukubisa chiyani?"

Mtima wa ngwazi unawira. Anakwera pa bokosi n'kulankhula kuti mapiri amve:

"Alamu, njuchi zanga ndinazibaya liti jakisoni? Mkono wake uli pati?"

"Ine sindinatchule njuchi zanu, alamu," anatero Wanda akutembenuza soseji. "Koma taonani mmene mwalumphira."

Sabata yotsatira Merle anabwera ndi zida. Botolo lililonse linkati: MULIBE KATEMERA, MULIBE MABODZA A PA TEBULO LOYANDIKANA. Wanda anabwezera ndi chinsalu chachikulu ngati denga la tchalitchi: NKHUMBA ZANGA NDIMAZIDZIWA MAINA, NANGA NJUCHI ZAKE ZIMAYENDA NDI NDANI? Mpingo unagawanika, mkazi wa Merle anamusamutsa kuti azigona m'galimoto, ndipo ogula, poopa uchi ndi soseji yemwe, anathawira ku sitolo yaikulu kukagula nyama ya m'chitini yosadziwika ndi komwe idachokera.

Loweruka lina ngwazi ziwirizi zinapezeka zili zokha pamsika, ntchentche zikuchita perete.

"Alamu," anatero Merle, ngati mkulu wa asilikali amene akupereka lupanga pogonja, "kodi mRNA ameneyu n'chiyani kwenikweni?"

Wanda anayang'ana kumapiri. "Ndimayesa mukudziwa ndinu."

Mtendere unakhazikitsidwa pomwepo. Awiriwa anaitana tauni yonse, anaunjika zikwangwani zonse, zapulasitiki ndi zapenti zomwe, n'kuziyatsa, ndipo pa moto wopatulikawo anawotcha soseji wopaka uchi, kwaya ikuimba nyimbo ya fuko. Utsi wakuda bii unakwera ngati nsembe, anthu anadya mpaka kumasula malamba.

Kutacha, tauni yonse inatsegula m'mimba. Ndipo pa mzere wa kuchipatala, atagwira m'mimba, onse anagwirizana ndi mtima umodzi, koyamba chaka chimenecho, kuti ndithu munali katemera.