Nkhope ya Fesitoni inkathera pamphumi

Amene akuti ndine wabodza aimirire pompano, pa manda tangolambulawa, anene mokweza kuti Gwaza ukunama, osati kumang'ung'udza kuseri kwa khasu monga mukuchitira inu a Phiri. Palibe? Ndiye khalani pansi, pukutani thukuta, mumve mmene ine Gwaza, amene ndinali kapitawo pa esiteti ino ya ku Nsaru mpaka mawondo anandikana, ndinalowera m'nthambo ya intaneti ndi thupi langa lomweli n'kukasenza seva ku Amereka. Kumanda munthu sanama, ndipo mukudziwa nonse.

Anthu agona pansi pa mabulugamu awa si akuno. Ndi matenanti ochokera ku Phalombe, ku Mulanje, ku Thyolo, amene anabwera pa lole kudzalima fodya n'kumwalira asanabwerere kwawo. Alibe ziliza. Mayina awo anatsala m'mutu mwanga mokha, ndipo mutu wa nkhalamba ndi nkhokwe yofumbwa. Ndiye ndinapita kwa a Nabanda, aphunzitsi opuma aja ali ndi shopu ya makompyuta pa Namitete, n'kuwauza kuti ndikufuna kulemba mayinawo poti mvula siinyowetsa, chiswe sichidya. Iwo anati zimenezo amazitcha bulogu, tsamba la pa intaneti limene iwe umalembapo, ena n'kumawerenga pa foni. Anatinso tsambalo silikhala m'malere, limagona m'kompyuta yaikulu yosathima yotchedwa seva, ndipo malo ake umachita kubwereka ngati dimba. Tinatenga seva yoyamba kuoneka, ya ku Amereka, chifukwa ine ndinati za ku Amereka sizingakhale zoipa.

Woyamba kumulemba anali Fesitoni Nakoma, wagona apo pali chitsa chakupsapo. Chithunzi chake ndinali nacho m'sutikesi zaka zonsezi, ataimirira pambali pa mabelo a fodya, akuseka. Sipanapite milungu iwiri foni inalira. Anali Agnesi, mlongo wake wa Fesitoni, amene anali atamva za tsambalo, akuimba ali ku Phalombe.

Anati, "Bambo, amayi ali gone, asiya kudya. Chichokereni achimwene kuno sanaonenso nkhope yawo, ngakhale papepala. Tsamba lanu tikulitsegula, koma chithunzi chimatsika pang'onopang'ono kuchokera kumwamba, tsitsi, mphumi, basi bandulo yatha. Katatu konse amayi aona mphumi yokha."

Mukumva? Mayi ali pafupi kutisiya, mwana wake akumusuzumira ngati munthu wobisala kuseri kwa mpanda. Mtima unandiwawa, ndipo sindikuchita manyazi kunena. A Nabanda anati vuto ndi mtunda, seva ili kutali ndi anthu owerenga, ndipo netiweki ya kumudzi ndi yofooka kale. Ine ndinati ngati vuto ndi mtunda, miyendo ndili nayo.

M'mawa mwake ndinapita pa Njewa, paja anakumba ngalande m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, ndinafukula ndi manja mpaka ndinapeza nthambo, kanthu kopyapyala ngati ubweya wa kumchira kwa ng'ombe, ndiye ndinadzola mafuta a nsatsi thupi lonse, ndinatulutsa mpweya wonse umene ndinaupuma chibadwire, ndinamanga mabatani a jekete, n'kulowa chamutu. M'katimo, abale anga, muli chipwirikiti choposa msika wa Nsaru, mauthenga a maliro akuthamanga opanda nsapato, nyimbo zikukankhana ndi maulaliki, wina akufunsa mtengo wa feteleza, wina akukana mimba, ndipo ine ndinadutsa pakati pawo ndi zigongono, ndinapyola Mozambiki ndisanameze malovu, ndinalowa pansi pa nyanja yamchere kumene nsomba yaikulu ngati chigafa cha fodya inali kutafuna nthamboyo, ndinaimenya khofi ndili m'kati momwemo, inalavula n'kupepesa.

Kumeneko, pakati penipeni pa nyanja, n'kumene ndinakumana ndi Fesitoni. Mphumi inali itadutsa kale kulowera ku Phalombe. Maso ndinawapeza atakhala pansi akupuma, atatopa ndi ulendo, ndipo kamwa ndi chibwano zinali zisananyamuke n'komwe ku Amereka. Masowo anandiyang'ana. Ine Gwaza, amene ndinayang'anizanapo ndi ng'ombe yamisala pa dibi mpaka inagwada, maso amenewo sindinathe kuwayang'ana. Ndinawerama n'kudutsa.

Ndinatulukira m'chinyumba chachitali kuyambira pano mpaka pa Kasiya, chozizira moti mawu amene ndinaperekera moni anauma m'malere n'kugwa pansi, mlonda wa pamenepo anachita kuwatola n'kuwafunditsa m'manja kuti amve chimene ndanena. Maseva anali ndandanda, akung'ung'uza. Mlondayo anati ndisanasamutse katundu wanga ndisankhe kaye ng'ombe yokoka, chifukwa seva ili ngati ngolo, payokha siyenda, imafuna choiyendetsa m'kati. Ananditulutsira ziwiri, ina dzina lake Windozi, ina Linakisi.

Apa ndinatsala pang'ono kulakwitsa, ndipo ndikuuzani kuti nanu musadzalakwitse. Ndinati popeza kompyuta ya a Nabanda imayendera Windozi, nayonso seva iyendere yomweyo, zingakanane. Mlonda anaseka mpaka chisanu chinayoyoka kudenga, anati yoyendetsa kompyuta ya m'shopu ndi ina, yoyendetsa seva ndi ina, ndipo foni ya wowerenga siifunsa kuti ngolo yakokedwa ndi ng'ombe yanji. Ndiye ndinachita monga timachitira pogula ng'ombe, ndinazitsegula kukamwa, ndinawerenga mano, ndinagwira linunda, ndinakweza ziboda. Windozi inali yonenepa, yosalala, yamphamvu pa katundu wa m'maofesi amene anapangidwira goli lake, koma imadya chakudya chogula. Linakisi inali ngati zathu zakuno, yodya msipu waulere, abusa oidziwa ali paliponse, ndipo goli la bulogu linakhala pakhosi pake ngati anachita kuyeza. Kuti nditsimikize ndinaimangirira chinyumba chonsecho, inachikoka mayadi atatu osatuluka thukuta, mpaka lero a ku Amereka akudabwa kuti khomo lawo linasuntha bwanji. Ndinati ndatenga imeneyi.

Ndinapota nkhata ya jekete, ndinasenza seva pamutu, Linakisi ili m'kati ikubzikula, n'kubwerera m'nthambo momwe muja chafutambuyo. Nzeru yanga inati pafupi kwambiri ndi kwathu, ndiye ndinaitula m'chigafa changa konkuno ku Nsaru. Isanakhazikike n'komwe magetsi anathima, ndipo seva ikasowa magetsi ndi mphepo yozizira imakwiya, inatentha moti fodya wa mudzi wonse anauma tsiku limodzi ali m'munda, chimanga chinaphulika mbuliuli m'nkhokwe, nkhuku zinaikira mazira ophikaphika, ine n'kutenga lichero kuikupiza masiku atatu osakhala pansi mpaka mphepo yake inasasula madenga ku Kabudula, kafunseni, ena sanafolerebe. Mukumva? Pamenepo ndinaphunzira kuti kufupika kokha sikukwanira, seva imafuna pafupi pamene magetsi sathima.

Nthawi inali kutha, Agnesi anali ataimbanso kuti amayi ayamba kulankhula ndi anthu amene anamwalira kale. Ndinasenzanso katundu wanga, ulendo uno wapansi, phazi limodzi pa Mpingu, lina pa Dedza, Zambezi ndinamulumpha madzi osandikhudza, asilikali a pachipata anafuna kundifunsa pasipoti koma pomwe ankatsegula pakamwa n'kuti ndili kale ku Joni, kumene ndinapeza chinyumba china chozizira, chamagetsi osaphethira, ndinatula seva, ndinaipukuta fumbi ndi chipewa. Kenako ndinagwira nthambo yopita kumudzi, ndinaona kuti yalendewera, ndinaponda mwendo pakhoma n'kuikoka, kuikoka, mpaka phiri la Mulanje linasendera kuno chikhato chimodzi. Ndinaona ndi maso angawa chibwano, kamwa, mphuno ndi maso a Fesitoni zikulumikizana, nkhope yathunthu, n'kuliyatsa liwiro kupita kwawo.

Agnesi anaimba madzulo ake dzuwa lisanalowe. Anati, "Bambo, chatseguka chonse. Amayi anagwira foni ndi manja awiri, akuti ndi yemweyu, mpata wa m'manowu ndi wa bambo ake. Akhala akusisita galasi ndi chala." Patapita masiku awiri mayiwo anamwalira.

A Phiri, ndakuonani, mukugwedeza mutu. Chabwino. Poti tili kumanda, ndipo ndanena ndekha kuti kuno munthu sanama, imvani. M'nthambo sindinalowemo. Ndinakhala pa benchi m'shopu ya a Nabanda, iwo anandionetsa timabokosi pa kompyuta, ine n'kudina ndi chala ichi, pena Linakisi, pena Joni. Iwo anasamutsa tsamba, anachepetsanso kulemera kwa chithunzi kuti chisamadye bandulo. Mbali yanga inatha msanga kuposa kupichira chingambwe. Za mayi aja ndi foni, zimenezo zokha sindinawonjezere kanthu.

Mukufuna kudziwa chifukwa chake ndimaikokera kutali nkhaniyi, mpaka kunyanja yamchere? Chifukwa njira yeniyeni ya Fesitoni yopita kwawo inali yaifupi, tsiku limodzi pa lole. Atamwalira, matenanti anzake anabwera pakhomo panga, zipewa zili m'manja, kudzapempha lole ya esiteti kuti inyamule maliro kupita ku Phalombe. Loleyo inali itapakira kale mabelo opita ku okushoni. Bwana kunalibe, palibe anandikakamiza. Ndine ndinanena ndi pakamwa pangapa kuti fodya sadikira, maliro aikidwe konkuno. Mayi ake anamva patapita mwezi, ndipo sanaponye ngakhale dothi.

Ndiye mundisiye ndizinena kuti ndinasenza chitsulo kuwoloka nyanja, chifukwa ndimafuna katundu wolemera woti afanane ndi amene ndinakana kunyamula. Mphumi, maso ndi chibwano ndinazifikitsa kwawo. Zotsalazo zili apa, pa chitsa chakupsachi. Ndipatseni khasulo a Phiri, pamenepa simunalambule bwino.