Mayikulowevu ya Aggie

Pulani inabadwira ku Matawale, pa botolo lachitatu la kachasu. Tony, amene anzake amamutcha Injiniya chifukwa anakonzapo wailesi kamodzi, anali atalonjeza chibwenzi chake Aggie mayikulowevu yotenthetsera chakudya. Aggie ananenetsa: ikapanda kufika Loweruka, chinkhoswe kulibe.

"Aise, yapezeka," anatero Gilson, wotchedwa Khutu, amene ankatchetcha kapinga pa labu ina m'tauni. "Ndamva madokotala akuti yawo ndi yokutidwa ndi golide."

Awiriwo analowa mu labumo nthawi ya nkhomaliro atavala makoti oyera a kubutchala, nanyamula bokosi lolembedwa kuti mayikulowevu mpaka m'mapaini a kuphiri.

Atatsegula anapeza kachitsulo kukula ngati sopo, kabowo pamwamba, kasikuluu koyera pambali. Chitseko palibe. Chingwe palibe.

"Ndiye mbatata ilowera pati?" anafunsa Khutu.

"Zamakono izi, mbuli iwe." Injiniya anapotokola kasikuluu uku ndi uku, Khutu nayenso anapotokolako. Chitsulo chinangoti zii.

"Atipusitsa!" anatero Injiniya. "Chingwe abisa. Tiye tikachitenge."

Atabwerera ku labu, bokosi lili m'manja, anakumana ndi a Dokotala Bushra, eni kachitsuloko, ali ndi mlonda.

"Tatola panjira, madamu," anatero Injiniya mwaulemu, maso akusaka chingwe.

"Zikomo, achimwene. Koma kameneka sikaphika ayi. Kamasunga mafunde otchedwa mayikulowevu, oyezera tinthu tosaoneka ndi maso. Sikuluu iyi imachepetsa kapena kuonjezera mafunde olowa pakabowo kuti onse alowe, osabwerera. Masabata atatu yandikanika kuitchera."

A Dokotala anamangirira kachitsuloko pakati pa maginito, nayatsa makina. Mzere wa pakompyuta unatsika mpaka pansi. A Dokotala anakuwa.

"Yatheka! Wagwira sikuluu ndani? Ameneyo dzina lake lilowa mu lipoti!"

"Ndine!" anatero Injiniya, akudziguguda pachifuwa.

"Bodza!" anakalipa Khutu. "Womaliza ndine! Ndipo amene anatulutsa bokosi pawindo ndani? Iwe umangonjenjemera!"

Mlonda anatseka chitseko pang'onopang'ono. A Dokotala anasunga lonjezo: mayina onse awiri analowa mu lipoti, la kupolisi.

Loweruka Aggie anafika kuselo atatchena, napereka kwa wapolisi mbatata yozizira ya dzulo.

"Mukawapatse a Injiniya," anatero. "Atenthetse okha."